Bafa la ku Senga Bay lomwe latidyera sabata

Mabafa anali anayi pa loji ina ku Senga Bay, ndipo atatu ayenda bwino. Kugumula matailosi akale, kuchotsa mapaipi adzimbiri n'kuika apulasitiki a PPR, kuthira screed (simenti yosalaza pansi), kupaka mankhwala otchinga madzi kawiri, kutseka dreni n'kudzaza madzi kwa maola 24, kenako kumata. Amisiri anzanga mukuzidziwa izi. M'mabafa atatuwo munalowa zinthu zitatu zokha: tailosi imodzi ya porcelain yotuwa ya 600 x 600 pansi ndi kukhoma, thabwa la mlombwa pa kabati ya beseni, ndi zitsulo za chrome zokhazokha, kuyambira pa mpope mpaka pa chivundikiro cha dreni. Pofika Lachitatu tinali titayamba kuthira grout, simenti yotsekera mipata ya matailosi.

Bafa lachinayilo ndi la chipinda chodula kwambiri, choyang'ana kunyanja, mamita 2.4 ku 3. Manijala anali atagula kale katundu ku Lilongwe asanafunse aliyense wogwira tepi. Anabwera ndi marble yoyera ya 20 mm ya kuseri kwa beseni ndi khoma limodzi la shawa, porcelain ya 600 x 1200 ya 9 mm, timatailosi tagalasi tobiriwira ta pa shelefu ya m'khoma, timiyala tobulungira ta pansi pa shawa, matabwa oti akhomedwe kukhoma, mipope yakuda, zopachikira mathawulo zagolide, ndi dreni ya chrome. Chilichonse anachiona pa chithunzi chake pa Pinterest, ndipo chilichonse pachokha n'chokongola ndithu. Koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

"Bwana, zinthu 8 m'kachipinda aka sizikhalirana," ndinawauza Lolemba.

"Amisiri, mlendo wolipira ndalama zambiri akufuna aone kuti talowetsa ndalama," anatero.

Vuto loyamba ndi kuchindikala. Marble ya 20 mm ikakumana ndi porcelain ya 9 mm, pamatsala 11 mm. Kuti nkhope zifanane, mbali ya porcelain iyenera kukwezedwa ndi pulasitala, pulasitalayo iume bwinobwino, mankhwala otchinga madzi apakidwe pamwamba pake, ndiyeno n'kumata. Gluu wamba wa matailosi sanapangidwe kuti aunjikidwe ngati matope. Akachuluka amafota pouma n'kukoka tailosi, m'mphepete n'kutuluka mano. Timatailosi tagalasi n'topyapyala kuposa zonsezo, ndiye tikufuna msinkhu wachitatu. Khoma limodzi, misinkhu itatu, ndipo uliwonse uli ndi nthawi yake yodikira.

Vuto lachiwiri ndi mokumanira zinthu. Mwala, galasi ndi thabwa sizifutukuka mofanana kukatentha, ndipo kutentha kwa kuno mu Okutobala n'kosachita kufunsa. Pomwe zosiyana zakumana sipafunika grout chifukwa imang'aluka, pamafunika silikoni. Silikoni nayo m'chinyezi imada ndi nkhungu, ndipo ikasupuka ndi pomwe madzi amayambira kulowa. M'bafa la tailosi imodzi silikoni imakhala m'makona ndi mozungulira beseni basi. Umu ikanadutsa pakati pa khoma, mozungulira shelefu, pansi pa matabwa, m'mbali mwa timiyala.

Koma chomwe chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya madzi, chifukwa ogula pa foni saiganizirako n'komwe. Loji iyi imapopa madzi m'chitsime chakuya, ndipo ndi madzi a laimu wambiri. Ketulo ya kukhitchini kwawo ikuchitira umboni. Pa chrome, laimu akauma amapukutika osaoneka kwenikweni. Pa mpope wakuda, dontho lililonse limasiya chizindikiro choyera. Mayi oyeretsa zipinda akaona zimenezo atenga mankhwala ochotsa laimu, omwe ndi asidi, kapena viniga. Tsono marble nayo ndi mwala wa laimu, asidi amaidya pomwepo n'kusiya chigamba chozimirira chomwe nsanza singachotse, mpaka aipalenso ndi makina. Ndiye mwaika zinthu ziwiri moyandikana, china chikufuna asidi, china asidiyo akuchipha, ndipo woyeretsa ali ndi chidebe chimodzi ndi zipinda zina zikumudikira. Madzi akakhala ndi ayironi, marble yoyera imayambanso kuchita chikasu. Timiyala tobulungira timadya grout yochuluka, madzi amaima m'mipata mwake m'malo mothamangira ku dreni, sopo ndi laimu n'kumangana pomwepo. Zagolide zija zinachokera m'masitolo awiri: chopachikira thawulo chopita kofiira, felemu ya kalilole yopita kwachikasu. Magolide a mafakitale awiri safanana, ndipo m'chipinda chaching'ono diso limagwira msanga.

Kenako kuperewera. Porcelain anaigula ndendende ndi kukula kwa khoma, osaonjezera 10 peresenti ya zodula ndi zosweka. Ziwiri zinafika zitang'aluka pamsewu wa M14. Titatumiza kuti abweretse bokosi lina, linabwera la nambala ina ya batch (gulu la matailosi opangidwa nthawi imodzi kufakitale), mtundu wosiyana pang'ono, woti masana suoneka koma pansi pa babu umaonekeratu. Masiku ano ndi kuvuta kwa ndalama zakunja, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masitolo amabweretsa pang'onopang'ono, ndipo tailosi yomwe ilipo lero mwezi wamawa palibe. Ukasankha tailosi imodzi umagula yambiri ya batch imodzi, zodula za khoma ili zimakalowa pena, ndipo mabokosi awiri amatsala m'sitolo ya loji kuti tsiku lomwe pulamba adzagumule pokonza paipi padzapezeke chomata. Ukasankha zisanu, chilichonse chikufuna zoonjezera zake, ndipo chilichonse chingathe pachokha.

Zonsezi ndinazinena Lolemba ndi Lachiwiri. Chomwe chinachitika Lachinayi masana ndi chomwe chandilembetsa.

Chipindacho chinali chitalonjezedwa kwa alendo a Loweruka. Kapitawo atapita ku Salima boma kukagula silikoni, manijala analowa n'kuuza mnyamata womata kuti asadikire pulasitala, ayambe kumata pompo. Mnyamata sangakane abwana omwe amasaina malipiro. Anatenga gluu wotuwa yemwe analipo, pomwe marble yoyera imafuna gluu woyera chifukwa mwalawo umamwa ndipo mtundu wa simenti umatulukira kumaso. Kuti porcelain ifike pa msinkhu wa marble, anaika gluu m'madontho asanu, anayi m'makona limodzi pakati. Tailosi ya 600 x 1200 imafuna gluu wopesedwa ndi thirawo ya mano a 10 kapena 12 mm pakhoma, ndi wina wopyapyala kumsana kwa tailosiyo, kuti igwire pafupifupi paliponse. Ya madontho ukaigogoda imalira ngati mulibe kanthu, ndipo kuseri kwakeko kumasanduka njira ya madzi. Kuonjezera apo anasakaniza thumba lonse kamodzi. Ndi dzuwa la kuno gluu amachita khungu mphindi zochepa, ndiye zomalizira zinamatidwa pa gluu wakufa kale.

Lachisanu m'mawa marble inali ndi mithunzi yotuwa m'malo momwe munali gluu. Tinagumula zonse. Pochotsa, gluu anasupula mankhwala otchinga madzi m'malo angapo, ndipo zimenezi sizitsekedwa ndi kachigamba n'kuyembekeza zabwino. Kupala, kupakanso kawiri mopingasa, kuika tepi yake m'makona, kudikira kuuma, kudzazanso madzi maola 24. Zidutswa zitatu za marble zinasweka, zotsalazo sitolo singalandirenso chifukwa zadulidwa. Manijala anafuna kuti mlandu ugwere mnyamatayo. Ndinakana pamaso pa eni loji, omwe anafika masana atamva kuti alendo asamutsidwira chipinda china.

"Mayi, mnyamatayu wachita zomwe wauzidwa. Bafa ili silinalakwike dzulo, linalakwika tsiku logula katundu."

"Ndiye mukuti titani, bambo?"

Tinagwirizana zitatu. Porcelain yaikulu ija ikuta makoma onse ndi pansi, ndipo ya batch yachilendo ipita kuseri kwa chitseko ndi pansi pa kabati komwe kuwala sikufika. Pansi pa shawa tiika dreni yaitali m'mbali mwa khoma kuti pansi papendekere mbali imodzi yokha, 1 cm pa 60 cm iliyonse, tailosi yaikulu isadulidwe m'makona anayi. Ya pansiyo ikhala yosaterera ya R10, mtundu womwewo. Mlombwa ukhala pa kabati pokha, kutali ndi shawa, wopakidwa mbali zonse ndi kumsana komwe, osati kukhoma komwe nthunzi ingaupinde. Zitsulo zikhala za mtundu umodzi. Mayiwo anakakamira zakuda, ndipo tinavomera pokhapokha dreni, mahinji a galasi ndi zopachikira zonse zikhalenso zakuda zochokera kumodzi, ndiponso aike makina ofewetsa madzi pa paipi yolowa.

Anandifunsa ngati silioneka wamba. Bafa lodula limadziwika ndi kamatidwe. Mizere ya pansi ikwere khoma mosadukiza. Shelefu ya m'khoma igwere ndendende pa mzere wa tailosi kuti pasakhale kachidutswa kopyapyala. Makona akunja adulidwe pa madigiri 45 m'malo mobisa ndi kachitsulo. Mipata ikhale 2 mm, grout yofanana ndi tailosi, mpope ukhale pakatikati pa tailosi kapena pa mzere weniweni. Zimenezi zimadya nthawi ya mmisiri, ndipo n'zomwe mamanijala safuna kulipira chifukwa sizibwera m'katoni.

Loweruka chipinda chinali chotsekabe, madzi oyesera ali pansi. Za yemwe alipire ntchito yogumula ndi kupakanso sizinathe, akuti tikambirana. Ndipo Lolemba kuli nkhondo ina: manijala anagula shawa yaikulu ya kudenga ya 300 mm, pomwe thanki yawo ili pa nsanja ya mamita 6. Thanki ikakwera mamita 10 ndi pomwe madzi amatsika ndi mphamvu ya 1 bar, ndiye apa sitikufika n'komwe pa 0.6, ndipo pamutu wa shawa ndi pochepera apo. Popanda pampu yokankha madzi, shawa imeneyo izingodontha, ndipo pampuyo sili pa bajeti.