Makilomita 10 a ku Norton, sabata ya 14

Loweruka lapitali ndinathamanga mpikisano wanga wachitatu chiyambireni, wa makilomita 10, ku Norton. Nthawi imene anandilembera m'kope pomaliza ndi mphindi 61 ndi masekondi 52. Ndinkafuna kutsika pa 60. Lero ndi Lachiwiri, akatumba ayamba kumasuka ndipo masitepe ndikutsika osagwira khoma, ndiye ndilembe zonse zisanazimiririke m'mutu.

Kwa amene simukundidziwa, ndili ndi zaka 44, ndimakhala ku Dzivarasekwa, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ku Willowvale. Chinandiyambitsa kuthamanga ndi kuthamanga kwa magazi. Mu Januwale chaka chatha anesi a ku kiliniki anandiyeza kawiri, kenaka anandiyang'ana nkhope n'kunena kuti mapiritsi okha sakwanira, thupi liyambe kugwira ntchito. Tsiku loyamba ndinathamanga kuchoka pageti mpaka pa mjigo wa m'dera mwathu, mwina mamita 400, ndipo ndinaima manja ali m'mawondo.

Kukonzekera kwa ulendo uno ndinayamba kumayambiriro kwa Julayi, kuzizira kuli pakati. Amene amati Harare ndi kotentha sanadzukepo 5 koloko m'mawa mwezi umenewo, zala zitauma, mpweya ukutuluka ngati utsi. Ndinkathamanga masiku anayi pa sabata. Lachiwiri ndi Lachisanu makilomita asanu kapena asanu ndi imodzi, mofatsa, moti nditha kupereka moni osabanika. Lachinayi ndinkatsika kombi pafupi ndi National Sports Stadium pochokera kuntchito, n'kumabwereza kachitunda ka m'mbali mwa msewu wa ku Bulawayo, cha ku Heroes Acre, kukwera mothamanga, kutsika moyenda. Ndinayamba ndi kanayi, pomafika Seputembala ndinkabwereza kasanu ndi katatu. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, dzuwa likapendeka, ndiye unali ulendo wautali, ndipo wautali kwambiri unafika makilomita 14.

Sabata ya 6 ndinalakwitsa. Ndinadumpha kuchoka pa makilomita 22 pa sabata kufika pa 34 chifukwa thupi linkamva kukoma, ndipo misongolo inayamba kupweteka ngati wina waimenya ndi ndodo. Odziwa amati osawonjezera kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi sabata iliyonse, ndipo ine ndaona ndekha kuti akunena zoona. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa ndi mitsempha zimachedwa. Ndinapuma masiku asanu ndi anayi, ndinasiya phula n'kumathamanga m'mbali mwa dothi, ndiponso ndinasintha nsapato. Ndinapeza za kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo pa madola 12. Mukamagula nsapato za kaunjika musakopeke ndi pamwamba. Tembenuzani muone kuchidendene ngati kunadyeka mbali imodzi, kenaka dinikizani mkati ndi chala chachikulu. Ikakhala yolimba ngati thabwa, inatha kale ngakhale ikuwala.

Tsiku la mpikisano tinanyamuka 4:30 ndi alamu anga, amene sathamanga koma anati andigwirira chikwama. Norton ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumadzulo kwa Harare. Tinawoloka mtsinje wa Manyame kukuyamba kuyera, ndipo ine mtima unali kale phaphapha.

Si mpikisano wa dzina ayi. Anaukonza ndi amayi a mpingo wina mogwirizana ndi bungwe la maliro la anthu akwathu ochokera ku Malawi, kuti apeze ndalama zokumbira mjigo wa sola pa komboni ina imene pamakhala nkhalamba zomwe kale zinkagwira ntchito m'mafamu. Kulembetsa kunali madola 5. Ena analipira pafoni kudzera pa EcoCash, ena ndi ndalama ya dziko lino ya ZiG, mayi wina anabweretsa nkhuku ndipo inalandiridwa. Manambala anawalemba ndi inki pa tizidutswa ta nsalu yoyera, aliyense n'kupatsidwa mapini awiri. Yanga inali 87.

Chimene chinandikokera kumeneko si makilomita. Bambo anga malemu anachoka ku Dedza, kwa Kachere, nthawi ya Chitaganya, ndipo anabwera kudzera ku Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito, monga ambiri a nthawi imeneyo. Anagwira ntchito m'mabalani a fodya cha kumeneku asanapeze ya m'tauni. Anzawo amene anatsala m'mafamu ndi amene zinawathina mafamu atayamba kulandidwa mu 2000. Ntchito inatha, nyumba za m'komboni zinali za eni famu, kumudzi anachokako kalekale, ndipo ambiri zitupa zawo zinali zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo a dziko a mu 2013 anatsegula njira yoti obadwira muno kwa makolo a m'maiko a SADC akhale nzika, ndiponso anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Izo zinatithandiza ife ana. Koma agogo amene anabadwira ku Ntcheu, maso akuchita khungu, akutungabe madzi pachitsime chosaphimba. Ndipo ife a mu Harare kolera timaidziwa, ya mu 2008 inatenga anthu opitirira 4,000 m'dziko muno. Ndiye mjigo si nkhani yoti munthu n'kuiganizira kawiri.

Tinayenera kuyamba 6 koloko. Galimoto yonyamula zigubu za madzi inachedwa, ndipo tinanyamuka 7 itadutsa ndi mphindi khumi. Mu Okutobala ola limenelo ndi lalikulu. Pa 6 koloko mphepo imakhala ikadali yozizira, koma ikamakwana 8 phula layamba kale kutulutsa moto. Ndinamwa madzi pang'ono, ndinadya nthochi yachiwiri imene ndinasungira pomaliza, n'kukhala pansi pa mtengo wa jakaranda kuti ndisawononge mphamvu ndi kuimirira.

Tinalipo mwina 150. Kutsogolo kunali anyamata owonda asanu a m'makalabu, amene ukangoona kaimidwe kawo umadziwa kuti si anzako. Kumbuyo kwawo ana a sukulu ambirimbiri, ena opanda nsapato, kenaka ife a misinkhu ya pakati, ndipo kumapeto amayi a mpingo atamanga zitenje, amene ananeneratu kuti iwo ayenda ndawala akuimba. Abusa anapemphera, wina anaimba wezulo, ndipo ana aja analiyatsa la mtondo wadooka.

Apa ndi pamene ndinapambana nkhondo yanga yoyamba. Pa mpikisano wa mu Juni ndinatengeka ndi gulu, kilomita yoyamba ndinaimaliza pa 5:10, ndipo pofika ya chisanu ndi chiwiri ndinali ndikuyenda. Ulendo uno ndinawasiya apite. Kilomita yoyamba 6:05, yachiwiri 5:58, yachitatu 5:55. Ndinkawerenga mpweya, mapazi atatu kukoka, awiri kutulutsa. Kuyambira pa kilomita yachitatu ndinayamba kuwapeza ana aja mmodzimmodzi, atagwira m'nthiti. Kamnyamata kena kanandikakamira pambali, ndipo ndinakauza m'Chishona kuti katsate mapazi anga, kasapitirire. Tinayenda limodzi mpaka potembenukira.

Potembenukira panali pa komboni pomwepo, phula litatha, msewu wafumbi utayamba. Okonza anaganiza bwino: anaika eni ake a mjigo kuti ndiwo azipereka chizindikiro choti munthu wafikadi. Nkhalamba zinayi zinakhala pa benchi, aliyense ali ndi mtolo wa tizingwe ta ubweya wofiira toti tizikoleka padzanja. Ndinatambasula dzanja kwa agogo ena aamuna ovala jekete yakuda m'dzuwa lonselo, ndipo pakamwa panangotuluka zimene ndinazolowera kunyumba.

"Zikomo, agogo."

Sanandisiye dzanja.

"Iwe mwanawe, kwanu n'kuti?"

"Ndinabadwira konkuno, agogo, koma bambo kwawo kunali ku Dedza."

"Dedza yake iti?"

"Kwa Kachere."

"Aa! Ine wa ku Lizulu. Ndiwe mdzukulu wanga iwe. Pita, pita, koma ubwere."

Foni inali ikuwerenga, ndipo ndikayang'ana tsopano pamzere wa liwiro pali dzenje la masekondi pafupifupi 25. Ndawaganizira masekondi amenewo masiku atatu ano, ndipo sindikuwadandaula. Dzanja lawo linali louma, lolimba, ngati la bambo anga, ndipo kuyambira pamene bambo anatisiya palibe amene anandifunsapo kuti Dedza yake iti.

Kubwerera kunali kowawa. Msewu umene popita unkaoneka wosalala unapezeka kuti unali wotsetsereka pang'ono, ndiye tsopano tinali kukwera, dzuwa lili kumaso. Kilomita ya 6 ndinachita 6:02, ya 7 6:09. Pa ya 8 china chake chinayamba kundibaya m'nthiti kumanja. Ndinachita zimene mnzanga wina wa ku kalabu anandiphunzitsa, kutulutsa mpweya wonse mwamphamvu phazi lamanzere likamaponda, ndipo patatha mphindi ziwiri chinaleka. Pa tebulo la madzi ndinamwa theka la kapu, lotsalalo ndinathira m'khosi. Apa ndi pamene zitunda za Lachinayi zinandibwezera. Miyendo inkalemera koma sinkagwedera. Ana a m'mbali mwa msewu ankakuwa kuti "Mhanya, mudhara!" (thamanga, mdala) ndipo tinakumana ndi amayi a zitenje aja akadali popita, nyimbo ili pakamwa, mmodzi n'kundiimbira nthungululu.

Foni inalira kuti makilomita 10 akwana pa 59:34. Ndinakweza maso, ndipo chingwe chomalizira chinali chikadali kutali, kuseri kwa sitolo. Pomafika, foni inkati 10.4.

Alamu anga akuti ndiwerengere 59:34 basi, ndi 10 imeneyo. Ine ndakana. GPS ya pafoni imakonda kuwonjezera mtunda, makamaka foni ikamagwedezeka padzanja kapena podutsa pansi pa mitengo. Nawonso okonza anandiuza kuti anayeza ndi galimoto, ndipo mita ya galimoto si yodalirika pa ntchito yotere. Mipikisano yovomerezeka amaiyeza ndi njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa tayala, atayamba aiyesa pa mtunda wodziwika, ndipo woyezayo amadutsa njira yaifupi kwambiri imene wothamanga angadutse. Choncho m'kope langa ndalemba 61:52, pambali pake n'kuikapo kanyenyezi. Ngakhale choncho yaposa 63:40 ya mu Juni, pa njira yotentha ndi yokwera kuposa ija, ndipo sindinayende ngakhale phazi limodzi kupatula pa benchi paja.

Wopambana anamaliza pa mphindi 33. Ndinamuona akubwerera ine ndisanafike n'komwe pa kilomita yachinayi, mapazi osamveka pansi. Dziko lino lili ndi othamanga. Stephen Muzhingi anapambana Comrades, mpikisano wa mtunda wautali wa ku South Africa, katatu kotsatizana, 2009, 2010 ndi 2011, ndipo Isaac Mpofu anathamanga marathoni pa 2:06:48 ku Valencia mu 2022. Ndinawerengera: imeneyo ndi mphindi zitatu pa kilomita, kwa makilomita 42. Ndikamathamanga 6:00 ndimadziwa bwino kulemera kwa nambala imeneyo, ndipo ulemu wanga kwa anthu amenewa wakula kuposa pamene ndinkangowaonera pa TV.

Pomaliza panalibe mendulo kapena malaya. Aliyense analandira banzi ndi kapu ya chakumwa cha Mazoe. Amayi osunga chuma anawerenga ndalama poyera, patebulo, anthu akuona, ndipo anati zatsala pang'ono kukwana zokumbira, za pampu ndi thanki zidzafunika ulendo wina. Ndinawauza mwaulemu zinthu ziwiri: chaka chamawa madzi akagone pamalopo usiku kuti tidzayambe 6 koloko yeniyeni, ndipo njira ndidzabwera kudzayeza ndi njinga ndekha sabata imodzi mpikisano usanachitike. Anandilemba dzina pomwepo.

Kenaka ine ndi alamu tinayenda wapansi kubwerera ku komboni. Agogo aja tinawapeza pakhonde, jekete atavula. Anati anabwera mu 1961 ali mnyamata, ndi maganizo oti agwire zaka ziwiri, agule njinga ndi bulangete, abwerere. Sanabwererenso. Anadzitchula okha kuti mtchona, mosaseka. Anandionetsa chitsime chimene amatungako, kumunsi kudambo, ndi chigubu cha malita 5 chimene ndi chokhacho angathe kunyamula masiku ano. Ndinawauza kuti ine ndinapitako kumudzi kamodzi, mu 2016, pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, ndipo pa Lizulu ndinatsika n'kugula mbatata ya kachewere ndi kabichi. Anandifunsa ngati msewu ukadali malire, uku Malawi uku Mozambique. Ndinati ukadali. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatchula dzina la mudzi wawo ndi maina a alongo awo awiri, ndipo ndinawalemba kuseri kwa kansalu ka nambala 87.

Sabata ino ndikupuma mpaka Lachinayi, kenaka makilomita anayi ofatsa pa dothi. Loweruka la sabata yamawa ndikufuna kukazungulira bwalo la mamita 400 maulendo 25, m'mawa kusanatenthe, alamu atagwira wotchi, kuti nkhani ya 60 ithe. BP ndinayezetsa dzulo, anesi anagwedeza mutu mokondwa ndipo anati mapiritsi ndipitirize.

Maina aja ndinawatumiza pa WhatsApp kwa msuweni wanga wa ku Dedza Lamlungu usiku. Wayankha m'mawa uno kuti ali ndi mnzake wogulitsa tomato pa Lizulu, ndipo akamufunsa tsiku la msika.