Zikomo nonse amene munandigwira dzanja mpaka ndamaliza Chiheberi ndi Chigiriki

Abale ndi alongo, Loweruka lapitali ndinalandira zotsatira za mayeso anga omaliza a Chiheberi ndi Chigiriki, zilankhulo zimene Baibulo linalembedwamo, ndipo ndakhoza. Maphunziro amene anzanga anamaliza m'zaka ziwiri, ine anditengera zinayi. Ambiri mwa inu mukudziwa chimene chinandichedwetsa, chifukwa munali nane kuchipatala, munalinso nane tsiku limene tinaika mayi anga m'manda. Kungoti "zikomo" pa foni ndaona kuti sikukukwanira. Ndalemba pano kuti aliyense amve, komanso kuti ndikuonetseniko zina mwa zimene ndatola m'njira imene munandiperekezayi.

Ndiyambe ndi inu aphunzitsi anga a Chiheberi. Dzina lanu sinditchula poti simukonda zotamandidwa pagulu, koma mudzizindikira nokha. Tsiku loyamba munalemba pa bolodi zilembo 22, kuyambira kumanja kupita kumanzere, n'kutiuza kuti tisathamangire tanthauzo, tiyambe tamva kaye mmene mawu akumvekera. Ndinali ndi zaka 53, wamkulu kuposa onse m'kalasimo, ndipo maso anali atayamba kale kuchita chifunga. Zilembo zikuluzikuluzo ndinkaziona ndithu, ngakhale dalet ndi resh zinkandisokoneza poti zimangosiyana kakona kamodzi. Chimene chinkandithawa ndi timadontho ta mavawelo tokhala kunsi kwake. Tiwiri togona ndi tsere, tiwiri toimirira ndi sheva, titatu ndi segol, ndipo kwa ine tonseto tinkangooneka ngati fumbi lagwera pa pepala. Munaona ndikuyandikiza buku kumphuno, simunanene kanthu pamaso pa anzanga, koma sabata yotsatira munabwera ndi masamba amene munandikulitsira pa makina. Munachita zimenezi sabata iliyonse kwa chaka chathunthu. Munkangoti, "Bambo, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinu amene munatiuza kuti timadonthoto kunalibe pamene aneneri ankalemba. Anatiika ndi alembi achiyuda otchedwa Amasorete, makamaka a mumzinda wa Tiberias ku Galileya, patapita zaka mahandiredi ambiri Yesu atabadwa, pofuna kuti katchulidwe kamene analandira kwa makolo awo kasatayike. Munatiuzanso kuti Baibulo la Chiheberi limene tinali nalo m'manja linachokera pa buku lolembedwa pamanja cha m'ma 1008, lotchedwa Leningrad Codex, limene likusungidwa ku St Petersburg, ku Russia. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kudandaula nato timadonthoto. Kadontho kalikonse panali munthu amene anawerama n'kukaika ndi dzanja lake, poganizira munthu ngati ine amene sanamudziwe.

Mayeso oyamba ndinalephera. Anandigwetsa ndi aneni aja amene zilembo zawo zina zimasowa. Mneni wakuti natan, kupatsa, pena umangotsala kaliwu kakuti tet, zilembo zake zonse ziwiri za nun zitapita, ndiye iwe uziufufuza mu dikishonale osaupeza. Ndinabwera kudzatsanzika, inu n'kundikhazika pansi, n'kutsegula Yeremiya 1. Mulungu akufunsa mneneri chimene akuona, iye akuti nthambi ya shaqed, mtengo wa amondi. Mulungu akuti waona bwino, pakuti Ine ndili shoqed, ndili maso pa mawu anga kuti ndiwachite. Vesi limeneli ndinali nditaliwerenga kambirimbiri osamvetsa kuti mtengo ndi kukhala maso zikukumana pati. Nditamva ndi khutu langa shaqed ndi shoqed, ndinabweza mawu otsanzika aja.

Chaka chachiwiri mayi anadwala. Ndinasiya kalasi miyezi isanu ndi iwiri. Alongo anga, inu amene tinkasinthana kugonera kuchipatala, mukukumbuka kuti ndinkatenga masamba okulitsidwa aja m'chikwama. Simunandinene kuti ndikuwerenga pamene mayi ali gone. Munadziwa kuti ndi mmene ndinkapumira.

Buku limene ndinawerenga usiku umenewo ndi la Maliro, mavesi atatu okha usiku uliwonse, chifukwa kupitirira apo maso ankakana. M'Chiheberi ndinaona chinthu chimene womasulira aliyense amavutika kuchisamutsa. Wolemba bukuli, polira mzinda wa Yerusalemu utawonongedwa, anayala kulira kwake motsata zilembo, vesi loyamba alef, lachiwiri bet, mpaka kukafika pa tav, chilembo chomaliza. Machaputala anayi oyamba amayenda motero. Chaputala 3, chimene chili pakati, chilembo chilichonse chimatenga mavesi atatu, n'chifukwa chake chili ndi mavesi 66. Munthu wosweka mtima anakhala pansi n'kulira mwadongosolo, osadumpha chilembo, ngati akuti chisoni ichi ndichinena chonse mpaka chithe. Ine amene mutu unali balala ndinapeza pogwira. Usiku uliwonse ndinkadziwa kuti chilembo chotsatira chilipo. Chaputala 5 chili ndi mavesi 22 ngati zilembo zija, koma dongosolo lija mulibe, langotsala pemphero lakuti Yehova akumbukire. Nachonso ndinachimva, chifukwa usiku wina unkakhala wotero.

Usiku umene ndinafika pa chilembo cha het, pa 3:22 mpaka 24, mayi anali atasiya kulankhula. Mavesi atatuwo amayamba ndi chasdei, chadashim, chelqi: kukoma mtima kokhulupirika kwa Yehova, kumene kumakhala kwatsopano m'mawa uliwonse, ndi Yehova amene ndi gawo langa. Mu vesi 22 muli liwu lakuti rachamim, limene timati chifundo. Liwuli ndi la banja limodzi ndi rechem, chiberekero. Ndinayang'ana pa bedi, ndinaona mayi amene ananditenga m'mimba mwawo miyezi isanu ndi inayi, ndipo sindinathe kupitiriza. Patapita masiku atamwalira, ndikulongedza katundu wawo, ndinatsegula Baibulo lawo la Chichewa lothetheka m'mphepete, n'kupeza kuti anadula mzere kunsi kwa Yesaya 49:15, pamene Mulungu akufunsa ngati mayi angaiwale mwana wake woyamwa, osachitira chifundo mwana wobala yekha. Mneni wa pa vesi limenelo ndi wa tsinde lomwe lija. Mayi anga sanaonepo chilembo cha Chiheberi ngakhale chimodzi, koma anafika pamenepo zaka zambiri ine ndisanafike.

Ndithokoze adokotala ndi anamwino amene munandichotsa ng'ala m'maso onse awiri chaka chotsatira. Tsiku limene munandimasula bandeji ya diso lachiwiri, nditafika kunyumba ndinatenga Baibulo lenileni, osati masamba okulitsidwa, ndipo segol anaoneka timadontho titatu toyera bwino, kalikonse pakepake.

Amayi akunyumba, kwa inu ndiyambire pati? Munadzuka nane 4 koloko m'mawa kwa zaka zonsezi, ngakhale panalibe chokudzutsani. Pamene ndinati basi ndasiya, mayi ataikidwa, simunandikakamize. Munangotenga timakadi ta mawu tija m'kabati n'kutiika pa tebulo pomwe ndimakhala, m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina ndinatitola. Zinthu zingapo zofunika pakhomo munazisiya kuti ndigule mabuku, ndipo simunazitchulepo. Ndi iwe mwana wanga wotsiriza, amene unkandifunsa mawu madzulo utatopa ndi zakusukulu kwako, ukugwira kadi m'mwamba n'kumadikira osandiuza yankho msanga: zilembo 24 za Chigiriki unaziloweza ine ndisanaziloweze. Satifiketi iyi ndi yakonso.

Kwa inu mayi amene munatiphunzitsa Chigiriki, ndikuthokozani chifukwa cha chinthu chimene poyamba chinandiwawa. Kwa zaka zambiri ndinkalalikira Yohane 21 motere: Yesu akufunsa Petro za chikondi chapamwamba, agapao, Petro akuyankha ndi chikondi chotsika cha pa chibwenzi, phileo. Ndinazimva kwa ena, nane n'kumazipereka molimba mtima. Inu simunatsutse. Munangotiuza kuti titsegule Yohane 3:35 ndi 5:20. Mavesi onse awiri akuti Atate akonda Mwana, loyamba ndi agapao, lachiwiri ndi phileo. Kenako munatitengera pa 2 Timoteyo 4:10, pamene Dema anasiya Paulo chifukwa chokonda dziko lino, ndipo mneni wake ndi agapao yemweyo. Munati tanthauzo la liwu lili m'mene wolemba waligwiritsira ntchito, ndipo munthu amene wangodziwa mawu khumi a Chigiriki akhoza kusocheretsa mpingo kuposa amene sadziwa ngakhale limodzi. Ndinapita kunyumba mtima uli wolemera, poganizira anthu amene anandimva ndikuphunzitsa zija. Koma munandimasula. Chinamumvetsa chisoni Petro n'chakuti anafunsidwa kachitatu, iye amene anakana katatu, ndipo zimenezo zili poyera m'Baibulo la chilankhulo chilichonse. Ngakhale za rachamim zija munandichenjeza kuti ndisamangepo chiphunzitso pa tsinde la liwu lokha, ndizione ngati kamvekedwe kamene Mheberi ankamva kumbuyo kwa liwulo. Ndasunga zimenezo.

Munalinso inu amene munandipatsa Yohane 11 kuti ndimasulire, nditangobwerera m'kalasi. Sindikudziwa ngati munachita dala. Pa vesi 33 Mariya ndi Ayuda akulira, ndipo mneni wake ndi klaio, kulira komveka. Pa vesi 35 pali mawu atatu okha, edakrysen ho Iesous, ndipo mneni umenewu supezekanso pena paliponse m'Chipangano Chatsopano. Ndi kugwetsa misozi. Pakati pa phokoso lonse lija, Iye anangoima misozi ili chuchuchu. Ndipo liwu lofotokoza mmene anamvera mumtima pa vesi 33 ndi 38 lili ndi ukali mkati mwake, ngati wa munthu amene waipidwa ndi chimene imfa yachita kwa anthu ake. Ndinali ndi mkwiyo umene ndinkachita nawo manyazi kuuuza munthu. Tsiku limenelo ndinauuza Ambuye.

Mwina wina afunsa ngati tsopano ndikuliona Baibulo lomasuliridwa ngati loperewera. Ayi ndithu, ndipo apa ndikufuna kuthokoza anthu amene sindinawaonepo, omasulira. Mpaka utayesa wekha kusamutsa vesi limodzi m'pamene umadziwa thukuta lawo. Pa Yohane 3:3 liwu lakuti anothen limatanthauza "kachiwiri" komanso "kuchokera kumwamba", ndipo Nikodemo anagwira tanthauzo loyambalo n'kusokonezeka. Womasulira ayenera kusankha limodzi, linalo n'kuliika m'munsi mwa tsamba kapena kulisiya. Pa vesi 8 pneuma ndi mphepo komanso Mzimu. Palibe kubisa kulikonse pamenepa, ndi mmene zilankhulo zilili. Ndipo pena chilankhulo chathu chimagwira bwino zedi. Mayi aphunzitsi anatha ola lathunthu akufotokoza mneni wosonyeza chinthu chimene chinachitika koma zotsatira zake zikadalipo, ngati tetelestai pa Yohane 19:30. Ine ndinangoti mumtima, izi timanena tsiku ndi tsiku. Tikati mvula inagwa, ndi nkhani yakale. Tikati mvula yagwa, pansi pakadali ponyowa. Yesu pa mtanda sanati kunatha. Anati kwatha.

Chimene zilankhulozi zandipatsa kwenikweni ndi kuchedwa. Mavesi amene ndinawaloweza ndili mwana ndinkangowadutsa ngati njira yozolowera. Tsopano liwu lililonse limandiimitsa. Salimo 23:6 ndinkaliona ngati ubwino ndi chifundo zikubwera pang'onopang'ono m'mbuyo mwanga, koma mneni wake, radaf, ndi womwe umanenedwa za adani othamangitsa munthu. Pa vesi 4 Davide akuuza Mulungu kuti atta, liwu lolankhulira munthu mmodzi amene uli naye maso ndi maso. Ife timati Inu, ndipo n'koyenera, ulemu wathu ndi umenewo. Koma zinandikhudza kudziwa kuti m'chigwa muja akulankhula ndi mmodzi yekha amene ali pambali pake.

Ndikawerenga ndimakumbukanso kuti masambawa anadutsa m'manja ambiri. Mabuku ndi zidutswa za Chigiriki za Chipangano Chatsopano zolembedwa pamanja zimene zilipo lero ndi zoposa 5,000, kuyambira kachidutswa kakang'ono ka Yohane 18 kosungidwa ku Manchester, ku England, kokwana m'chikhatho. Mu 1947 ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, kunapezeka mpukutu wa Yesaya wotalika mamita oposa 7, wakale ndi zaka zoposa 1,000 poyerekeza ndi Leningrad Codex, ndipo mawu ake amagwirizana kwambiri ndi amene tili nawo. William Tyndale, amene anamasulira kuchokera ku Chigiriki ndi Chiheberi kuti anthu wamba a kwawo ku England awerenge okha, anaphedwa ku Vilvoorde, m'dziko limene lero ndi Belgium, mu 1536. Mavuto anga a maso ndi mayeso ndimawaika pambali pa anthu amenewa, ndipo ndimangoti zikomo.

Kwa akulu ampingo amene munandipumitsa maudindo ena kuti ndipeze nthawi, kwa amayi amene munkabwera kudzapemphera ndi mayi anga Lachitatu lililonse, kwa anzanga a m'kalasi amene munkanditumizira manotsi pa foni miyezi yonse ija ndinali kuchipatala, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo.

Patsogolo panga patsala Chiaramu, chifukwa pa Danieli 2:4 chilankhulo chimasintha mpaka kumapeto kwa chaputala 7, ndipo ndikufuna kukafikako. Koma ndisanatero, aphunzitsi andilola kuti ndithandize ena oyamba kumene. Amene muli ndi chidwi, kaya ndinu achinyamata kaya muli ndi imvi ngati ine, ndiuzeni. Tizikumana Lachinayi madzulo. Tiyamba ndi alef, ndipo tikadziwa zilembo tidzatsegula buku la Rute, machaputala 4, mavesi 85. Amene maso akukuvutani musaope kubwera, masamba okulitsidwa aja ndinawasunga onse.