Ka TT-02 kanga kasinthiratu

Anzanga okonda timagalimoto ta rimoti, lero mtima wanga wayera. Kagalimoto kanga ka Tamiya TT-02, ka saizi ya 1/10 (kochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni), ndakachotsa mabushi apulasitiki (timphete tomwe mashafuti amazunguliramo) amene kamabwera nawo n'kuikamo mabering'i achitsulo. Matayala akuzungulira myaa, batire nayo ikukhalitsa. Ndaikanso ma shock a mafuta, moti pakona sikakudumphadumphanso, kakugwira pansi bwinobwino.

Ambiri amathamangira kuika aluminiyamu wonyezimira paliponse. Ine ndikuti ayi ndithu. Kagalimoto kakagunda khoma, pulasitiki imapindika n'kubwerera, pomwe aluminiyamu amakankhira mphamvu yonse kwina mpaka kuthyola chasisi. Ineyo aluminiyamu ndaika pa shafuti yapakati pokha (kamtengo kopititsa mphamvu ya mota kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo), chifukwa mwezi wamawa ndikuikamo mota ya brushless, mtundu wa mota wamphamvu kwambiri womwe umafuna shafuti yolimba.