Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Ndalama za ku Congo Zinapita Kuti?

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija. Mayi a ku Johannesburg amene munati munalira powerenga za maliro a apongozi anga aamuna, Mulungu akudalitseni. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti, "Nanga ndalama za ku Congo zija zinapita kuti?" Mukunena ndalama zimene amuna anga, amene ndi msilikali, analandira atapita kukagwira ntchito ku Congo. Lero ndiyankha. Funsoli alamu anga analifunsa pamaso pa ankhoswe, ndipo mpaka lero kumudzi kwa amuna anga ku Dedza kuli anthu amene amanena kuti ndinazidya ine.

Mukukumbukira kuti maliro aja anagwa mu 2012, kwacha itangogwetsedwa kumene mu Meyi. Dola imene inali pafupifupi K168 inafika pa K250, ndipo chilichonse mumsika chinakwera. Bokosi, galimoto yonyamula thupi kuchoka ku Zomba, ufa ndi ndiwo za pa siwa, zonse zinagwera munthu mmodzi, amuna anga, amene pa nthawiyo anali kopolo chabe. Abale ankangoti, "Tili ndi msilikali wathu, bwanji tivutike?" Kwa iwo yunifolomu inali umboni wakuti ndalama zilipo. Bambo a ana anga sankatha kunena kuti alibe. Anatenga ngongole ku kampani ina yobwereketsa ndalama, ya mtundu umene umadula pa malipiro ndalama zisanalowe n'komwe mu akaunti. Ngongoleyo isanathe anawonjezera ina, ya fizi ya mng'ono wawo. Kenako ya feteleza wa apongozi aakazi. Zimene zinkatsala pa malipiro sizinkafika pakati pa mwezi, ndipo apa ndi pamene katapila analowa m'nyumba mwathu.

Kwa inu amene simunakhaleko pafupi ndi baraki, ndikufotokozereni. Kunja kwa geti kunali mayi wina wogulitsa zitenje, koma malonda ake enieni anali katapila. Ukatenga K50,000, pakutha pa mwezi ubweze K75,000. Ukalephera, umalipira chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeni n'kukhala pomwepo. Ukalepheranso, chiwongoladzanja chimaphatikizidwa ku ngongole, n'kuyamba kubereka nacho. Chikole chake ndi khadi la ATM pamodzi ndi nambala yachinsinsi. Tsiku la malipiro mayiyo ankaima pa makina ndi makhadi a anthu atawamanga ndi lamba wa mphira, n'kumatapa limodzi limodzi. Mwini malipiro ankalandira zotsala, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ankabwereranso kukakongola.

Wina analemba kuti, "Mkazi wanji amene sadziwa kuti khadi la mwamuna wake lili ndi munthu wina?" Mchemwali, ndinkadziwa kuti ngongole ilipo, koma kukula kwake ankandibisa. Msilikali amaphunzitsidwa kupirira osadandaula. Komanso ankaopa kuti nkhaniyo ikafika kwa mabwana awo, za kukwezedwa udindo ndi za ku mishoni, ntchito ya usilikali ya kunja kwa dziko, ziwadutsa. Amatapila amadziwa mantha amenewa, ndipo mawu oti "ndikakunenezani kwa akuluakulu anu" amawakwanira, safuna loya kapena khoti.

Zaka zisanu zinadutsa chomwecho.

Mu 2018 dzina lawo linatuluka pa mndandanda wa opita ku Congo. Kuyambira 2013 asilikali athu anali m'gulu lankhondo la United Nations lotchedwa Force Intervention Brigade, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Aliyense m'malaini, m'nyumba za asilikali zija, amadziwa kuti wobwera ku mishoni amabwera ndi kenakake, ena amamanga nyumba, ena amagula galimoto. Amatapila amadziwanso zimenezi, ndipo mndandanda amaumva msanga kuposa ife akazi. Mayi uja, amene ankawatukwana pa foni mwezi ndi mwezi, mwadzidzidzi anayamba kuwatchula kuti "achimwene". Anawapatsa ndalama zina zoti atisiyire pakhomo, zina zoti atumize kumudzi, n'kuti adzabweza akabwerako. Ndalama za ku Congo zinayamba kudyedwa munthu asanakwere ndege.

Tsopano ndifike pa tsiku limene sindinalifotokozepo kwa munthu aliyense kupatula mayi anga.

Munali mu Novembala 2018. Uthenga unayamba kuzungulira pa WhatsApp, kenako pa wailesi, kuti asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi aphedwa pafupi ndi mzinda wa Beni, kum'mawa kwa Congo, pomenyana ndi zigawenga za ADF, pamodzi ndi mmodzi wa ku Tanzania, ndipo ena avulala. Mayina anali asanatuluke. Akazi tinkangokhala m'makonde, aliyense foni ili m'manja. Galimoto ikalowa m'malaini tonse tinkaimirira kuti tione ikaima pakhomo la yani. Ndinkaimba nambala yawo, osalowa. Nsima ndinaphikira ana, ine pakhosi panakana. Mwana wathu wamkulu, amene anali mu Sitandade 7, anandifunsa kuti, "Amayi, adadi ali m'gulu lomwelo?" Ndinamuuza kuti apite akagone.

M'mawa mwake ndinamva "odi". Miyendo inandiphwa mphamvu, ndinaganiza kuti ndi uthenga uja. Nditatsegula ndinapeza mayi wa katapila, kope lili m'khwapa. Anakhala pa mpando, n'kundipepesa bwinobwino pa zimene tinamvazo. Kenako anatsegula kope lija n'kunena kuti, "Mayi, sindikufuna kukupwetekani mtima, koma za mawa sizidziwika. Amuna anu ali ndi ngongole yanga iyi. Zikakhala kuti zavuta, chipukuta misozi chikabwera musandiiwale. Pakadali pano ndipatseni makina osokerawa ndisunge."

Ndinayang'ana tsambalo. Siginecha inali yawo, tsamba ndi tsamba, kuyambira 2013. Nambala imene inali pansi penipeni inali yoposa malipiro awo a chaka chathunthu. Sindinkadziwa ngati mwamuna wanga ali moyo kapena ali m'thengo la ku Congo, ndipo munthu anali atakhala m'nyumba mwanga akuwerengera ndalama za imfa yake. Sindinalire pamaso pake. Ndinamupempha kuti ndijambule masamba onse ndi foni, ndipo anavomera poganiza kuti ndagonja. Makina ndinawakaniza. Atangotuluka ndinakhala pansi kuseri kwa chitseko n'kulira mpaka aneba anabwera akuganiza kuti uthenga wafika.

Bambo a ana anga anaimba foni patapita masiku, ali moyo. Mabanja ena analandira mabokosi. Mmodzi mwa anyamata amene anatisiyawo, Private Chancy Chitete, anadzapatsidwa mendulo ya ulemu ya United Nations mu 2019 chifukwa anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Ndimawakumbukira m'mapemphero akazi amasiye aja, chifukwa ndikudziwa kuti si pakhomo langa lokha pamene kope linafika.

Ena mudzati ndinachita mwano posawadikira eni ake. Ine ndikuti ndinachita bwino. Kwa mabwana awo sindinapiteko, ulemu wawo ndinausunga. Ndinapita kwa bambo wina wa kutchalitchi kwathu amene amagwira ntchito za malamulo. Iye anandiuza kuti kuno kuli lamulo lotchedwa Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake chapyola muyeso, n'kuchichepetsa. Tinakhala pansi ndi zithunzi zija n'kuwonkhetsa zimene mayiyo anali atatapa pa khadi kwa zaka zonsezo. Anali atabwezedwa kale ndalama zake kangapo konse.

Atabwerako mu 2019 ndinawaonetsa pepala lowonkhetsera lija usiku, ana atagona. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi a ana, ndinkaopa kuti mundithawa." Tinapita limodzi kwa mayi uja. Tinamuuza kuti timupatsa ndalama zenizeni zimene anakongoza komaliza, ndipo ngati akufuna zoposa pamenepo tikakumane kwa majisitireti. Anakalipa, anaopseza za mabwana, koma atamva za khoti anabweza khadi. Ngongole za ku kampani zija tinazilipira zonse kuti malipiro amasuke. Zimene zinatsala tinagula puloti yaing'ono ndi malata, nyumba imene ndikulemberamo panoyi.

Ndiye alamu anga, inu amene munkafuna kuti akuguleni minibasi ndipo munandinena kuti ndine mfiti yodya thukuta la m'bale wanu: fizi yanu ya ku koleji inali pa tsamba lachitatu la kope lija. Zithunzi ndidakali nazo, ndipo ankhoswe anaziona.

Gawo lotsatira ndidzafotokoza za msonkhano wa ankhoswe uja, ndi zimene apongozi aakazi ananena atamva kumene ndalama za feteleza wawo zinkachokera.