Phunziro la ku Pholela ndi botolo la mayi wa ku Mangochi

Chaka chino ndikuchita maphunziro a zaumoyo wa anthu pa yunivesite ya Wits muno mu Johannesburg, ndipo nkhani imene yandikhala mumtima ndi ya chipatala chaching'ono cha ku Pholela, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Mu 1940, dokotala Sidney Kark ndi mkazi wake Emily, amenenso anali dokotala, anakatsegula chipatalachi kumudzi, koma sanakhale pansi kudikira odwala. Anaphunzitsa anthu a komweko kuyenda khomo ndi khomo, kulemba obadwa ndi omwalira, ndi kulimbikitsa mabanja kulima madimba a ndiwo zamasamba. Ndikuwerenga zimenezi, maganizo anga anathamangira kwathu, kwa alangizi a zaumoyo amene amapachika sikelo panthambi ya mtengo wa mango, amayi ali pamzere ndi ana kumbuyo.

Loweruka lililonse ndimadzipereka kukaphunzitsa gulu la amayi a ku Malawi amene amakumana ku Mayfair, ambiri mwa iwo ogwira ntchito za m'nyumba. Tsiku lina ndinakonza phunziro la matenda otsekula m'mimba, popeza kolera imene inabuka ku Machinga mu 2022 inasiya maliro m'mabanja a ena mwa iwo. Ndinawafotokozera muyezo wa madzi omwetsa wodwala matendawa umene zipatala za kuno zimaphunzitsa: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 8 a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ndinafotokozanso kuti shugayo amathandiza matumbo kuyamwa mchere, ndipo madzi amalowa m'thupi potsatira mcherewo. Onse anagwedeza mitu, ine n'kuyesa kuti phunziro lamveka.

Kenaka mayi wina wachikulire wa ku Mangochi anakweza dzanja. “Mwanangu, lita imene ukunenayo ndi iti? M'kachipinda kanga mulibe choyezera.” Ndinasowa poyambira, chifukwa kwa milungu iwiri imene ndinakonzekera, funso limeneli silinandibwerere m'mutu. Iwo anatulutsa m'chikwama botolo la Coca-Cola la malita awiri, analoza pakati ndi chala, nauza anzawo kuti madzi azilekeza pamenepo. Anawonjezanso kuti azilawa kaye asanampatse mwana, ndipo ngati mchere wake ukuposa wa misozi, ataye ayambirenso. Amayi aja anayamba kufunsa mafunso amene kwa ine sanafunse.

M'kalasi timakambirana kawirikawiri za odzipereka ochokera kunja amene amabwera milungu itatu, n'kusiya mankhwala opanda wowadziwa. Sindinkadziwerengera m'gulu limenelo, popeza ndimalankhula Chichewa ngati amayiwa, komabe ndinafika ndi muyezo wa m'buku osayamba ndafunsa zimene ali nazo kukhitchini.

Ndawapempha mayi aja kuti Loweruka likubwerali atsogolere phunziro la kabuku ka sikelo ka mwana, ndipo avomera. Ine ndikakhala kumbuyo ndi kope langa, kulemba mafunso a amayiwo, kuti akhale maziko a kafukufuku wanga wa chaka chino.