Skyrim pa makina anayi: nkhani ya shopu yathu ya magemu ku Salima

Shopu yathu ndi chipinda chimodzi cha malata pa Kamuzu Road, chakufupi ndi pamene anyamata a kabaza amadikirira anthu. Muli mabenchi atatu, ma TV anayi ndi kauntala pomwe mayi akunyumba amakhala ndi kope la ndalama. Tinatsegula mu 2018, ndipo nthawi imeneyo za magemu sitinkaziganizira n'komwe. Tinkatchaja mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemori kadi, basi. Makina athu oyamba a magemu, PlayStation 3 (PS3) yakale, anabwera ndi alamu anga kuchokera ku Joni atakulungidwa m'bulangeti. M'chikwama momwemo munali mapadi awiri ndi madisiki asanu. Anayi anali a mpira ndi a mipikisano ya magalimoto. Yotsalayo inali Skyrim.

Mpira ndiwo unatiimika, ndipo mpaka lero ndiwo umalipira lendi. Anyamata awiri akhala pabenchi, mphindi khumi zatha, wogonja wadzuka, wina walowa, ndalama ikugwa m'mbale. Disiki ya Skyrim inagona m'kabati miyezi ingapo popanda woifunsa.

Amene anaitulutsa ndi mnyamata wina, msodzi wa ku Senga Bay. Unali mwezi wa June, mwera utavuta panyanja moti mabwato anali pamtunda, iye n'kubwera kutauni kudzagula ulusi wosokera ukonde. Anaona chikuto cha disikiyo n'kufunsa, "Achimwene, nanga iyi ndi ya chiyani?" Ndinamuuza zoona, kuti sindinaiyesepo. Anati tiiike. Tsiku limenelo anakhala maola atatu, mawa lake anabweranso, ndipo kuyambira pamenepo bizinesi yathu inayamba kuyenda ndi miyendo iwiri.

Kwa amene simunaionepo, Skyrim inatuluka pa 11 November 2011, ndipo anaipanga ndi a kampani ya Bethesda ya ku America. Ndi gemu ya mtundu womwe amati RPG, momwe iwe mwini umasanduka munthu wa m'nkhaniyo. Umasankha mtundu wako, nkhope yako ndi dzina lako. Umayamba uli mkaidi pangolo, akukutengera ku Helgen kukakudula mutu, mwadzidzidzi chinjoka chamapiko n'kutera pamudzipo, iwe n'kupulumukira pomwepo. Kuchoka apo dziko lonse ndi lako. Ukafuna kusula malupanga usula, ndipo luso limakula pamene ukusulasula. Ukafuna uta, ulenje, kusakaniza mankhwala kapena kugula nyumba, zonse zilipo. Kulibe woimbira woti aziliza wezulo kuti nthawi yatha. Munthu angathe kusewera theka la chaka osaimaliza.

Apa ndi pomwe ine ndi mayi tinaona kuti makasitomala athu ali mitundu iwiri. Wa mpira amagula mphindi n'kumapita. Wa RPG amasiya chuma chake m'shopu mwako, chifukwa ulendo wake wonse uli mu seva, kafayilo kosunga pomwe wafika mu gemu, yomwe ili m'makina ako. Ukaitaya, wamutayitsa masabata a moyo wake ndi ndalama zonse zomwe anakulipira. Tinayamba kutsegulira aliyense akaunti yakeyake pamakina, mayi n'kumalemba m'kope dzina, makina amene akugwiritsa ntchito ndi maola amene walipiriratu pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Tinaikanso lamulo lomwe sitinalisinthe: pachikuto cha gemuyi analembapo 18, choncho ana sitiwapatsa, ndipo mwana wovala yunifolomu salowa m'shopu nthawi ya sukulu.

Miyezi itatu yoyamba PS3 inkayenda bwinobwino. Kenako gemu ya msodzi uja inayamba kudukizadukiza, makamaka akalowa mumzinda wa Whiterun momwe muli anthu ambiri. Akasewera kupitirira ola, munthu wake ankayenda ngati akuponda m'matope a m'dambo la mpunga ku Lifuwu. Ine ndinangoti ndi kutentha, poti aliyense akudziwa mmene Salima imaotchera mu October. Ndinatsegula makinawo, kupemerera fumbi, kugula fani ya patebulo n'kuilozetsa pomwepo. Sizinasinthe. Chondidabwitsa chinali chakuti tikaika mpira pa makina omwewo, unkathamanga popanda vuto, ndipo munthu woyamba kumene Skyrim nayenso sankaona chilichonse.

Ndinadzamvetsa pambuyo pake nditawerengawerenga. Gemu imeneyi imakumbukira chilichonse: mbale yomwe unagwetsa m'nyumba ya munthu, bokosi lomwe unatsegula kuphanga, mdani yemwe unamusiya panjira. Ukamasewera nthawi yaitali seva imanenepa, ndipo zonsezo ziyenera kukwana mu memori ya makina. PS3 ili ndi memori ya 512 MB, koma yogawidwa pawiri: 256 MB ya ntchito za gemu, 256 MB ya zithunzi. Xbox 360 nayo ili ndi 512 MB yomweyo, koma ili m'nkhokwe imodzi, gemu imatapa mbali imene ikufuna zambiri. Zili ngati anthu awiri okhala ndi matumba khumi a chimanga, wina anatsekera asanu m'nyumba ina yomwe sangatapemo ufa wa nsima. Sindikuinyoza PS3. Ndi makina a 2006, ndipo anatilera. Kungoti gemu yaikulu chotere imaipanikiza pamalo pomwe ili yopapatiza.

Tinapeza njira zochepetsera vutolo. Tinagula bandulo n'kutsitsa ma update onse, tinazimitsa zoti gemu iziseva yokha, ndipo ola likakwana tinkatuluka mu gemu n'kuyambitsanso. Mphindi zimenezo sitinkamuwerengera kasitomala.

Chaka chotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe n'kukagula Xbox 360 yogwiritsidwapo kale ntchito. Kunena za maonekedwe, makina awiriwa ndi pachibale: onse amatulutsa 720p (muyeso wa chithunzi, nambala ikakula chimaoneka bwino kwambiri), onse amalimbana kuti afike zithunzi 30 pa sekondi. Koma pa Xbox munthu ankatha kukhala maola atatu gemu osalemera, ndipo titaikopera disiki mu hadi disiki phokoso linachepa, kudikira pakhomo lililonse n'kufupikako. Ndinamuitana msodzi uja mosangalala. Anayang'ana, anagwira padi, kenako n'kufunsa ngati munthu wake angasamukire kumeneko. Ndinati sizingatheke, seva ya PS3 siwerengeka pa Xbox, ayenera kuyambiranso pangolo paja.

Anaika padi pansi. "Achimwene, ine ndili ndi nyumba ku Whiterun. Lupanga langa ndinasula ndekha. Ndisiye zonsezo chifukwa cha liwiro?" Anabwerera pa benchi yake, pa PS3 yodukiza ija. Tsiku limenelo ndinasiya kuyeza makina ndi maso okha.

PS4 tinaigula mu 2021, titasonkha phindu la chaka chonse ndi ndalama za ku banki m'khonde za mayi. Pamenepo pamayenda Skyrim Special Edition yomwe inatuluka mu October 2016, ndipo imabwera ndi zowonjezera zonse zitatu, Dawnguard, Hearthfire ndi Dragonborn. Ubwino wake ndi wosabisika. Memori ndi 8 GB, choncho za kunenepa kwa seva zija zinatha. Chithunzi ndi 1080p, kuwala kwa dzuwa kumadutsa m'mitengo, madzi a mumtsinje amaoneka ngati ungatunge, udzu ndi wothithikana mpaka patali. Liwiro ndi lomwe lija la 30 pa sekondi, koma lokhazikika. Imaikanso maseva a munthu aliyense pagulu lakelake, zomwe zinapeputsa ntchito ya kope la mayi. Komabe ndinene chilungamo kwa anzanga ofuna kuyamba bizinesi ngati iyi: ma TV ambiri otchipa a mainchesi 32 amene timagula kuno satha kuonetsa 1080p yonse. Theka la kukongola kumene ndinalipira ndinadzakuona patapita chaka, nditagula TV yabwinoko.

Anyamata ena amandifunsa za ma mod, zinthu zomwe osewera amapanga okha n'kuwonjezera mu gemu. Pa PS4 malo ake ndi 1 GB. Kwa ife nkhani imeneyi ndi yaing'ono, poti chilichonse chotsitsa chimadya bandulo.

Chomwe chinatigwedeza ndi magetsi. Mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatt 130, ndipo kuzimazima kunakhala kwa tsiku ndi tsiku mpaka mu 2023. PS4 yathu ndi ya mtundu woyamba uja, yomwe ikamasewera imakoka mawati opitirira 100, osawerengera TV. Batire ndi inveta zomwe tinali nazo zinkangokwanira kutchaja mafoni. Tsiku lina magetsi anazima pa nthawi yeniyeni yomwe aphunzitsi ena a kusekondale ankaseva. Atayaka, seva ija inakana kutseguka, ndipo yomwe inatsala inali ya masabata atatu m'mbuyo. Aphunzitsiwo sanakalipe. Anangoti, "Bambo, palibe kanthu," n'kutenga njinga yawo. Anatha mwezi osabwera, ndipo mwezi umenewo unandiwawa kuposa ndalama zomwe tinkaluza pa mpira. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tikatseka, ndimakopera maseva onse a PS3, Xbox ndi PS4 mu flash.

M'chaka chovuta chomwecho alamu aja anatitumizira Nintendo Switch. Nditaiona ndinaiderera, ndinkati ndi kachidole ka ana. Skyrim inafika pa Switch mu November 2017, ndipo ukaiyerekeza ndi ya pa PS4 ndi yosauka ndithu: udzu ndi wochepa, mithunzi ndi yosalongosoka, mapiri akutali alibe tsatanetsatane. Ukaigwira m'manja ndi 720p, ukailumikiza ku TV imafika 900p, ndipo ma mod kulibe. Koma imasunga 30 pa sekondi mokhulupirika, imaposa PS3 ndi Xbox 360 pa maonekedwe, siliza fani ngati chigayo mu October, ndipo mawati amene imadya safika ndi 20 omwe. Kasola kathu ka padenga kamaikwanitsa tsiku lonse. Chachikulu koposa ndi ichi: ili ndi batire mkati. Magetsi akazima TV imada, koma gemu sifa. Munthu amangoizula pa choikapo chake n'kupitiriza m'manja pomwe analekera, chinjoka chikadali m'mwamba.

Aphunzitsi aja anabwerera chifukwa cha kamakina kameneka. Ndinawatumizira uthenga kuti abwere adzaone, ndipo ali mkati mosewera magetsi anazimadi. Anandiyang'ana, ine n'kuwapatsa Switch m'manja, iwo n'kuseka mokweza mpaka a kabaza panja anasuzumira. Anayambiranso ulendo wawo pamenepo, ndipo maola khumi oyamba sitinawalipiritse.

Nayo ili ndi zake zofuna kusamala. Kakhadi ka gemu ndi kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kosavuta kusowa, choncho wosewera Switch amakhala pafupi ndi kauntala. Zilembo pa sikirini yake ndi zing'onozing'ono, pomwe Skyrim ndi gemu yowerenga kwambiri, makalata, mabuku ndi zokamba za anthu, zonse m'Chingerezi. Ndipo seva ya Switch sungaikopere mu flash kapena mu memori kadi. Imakhala m'makina momwemo pokhapokha ulipire zosungira pa intaneti. Ichi ndicho chimandisowetsa mtendere, moti usiku Switch sigona kushopu, ndimapita nayo kunyumba.

Mukandifunsa lero kuti Skyrim imakoma pati, ndiyankha kuti pa PS4, magetsi alipo, TV ili yabwino. Mukandifunsa kuti ndi makina ati amene ndingagule poyamba nditati ndiyambirenso bizinesi ya RPG kuno ku Salima, ndi Switch, mosakayika. Xbox 360 tinaisiyira mpira ndi magalimoto.

PS5 ndinaiyesapo kwa mnzanga wa shopu ngati yathu ku Lilongwe. Kumeneko Skyrim imathamanga zithunzi 60 pa sekondi, ndipo ukatsegula chitseko usanapume n'komwe walowa kale, chifukwa muli SSD m'malo mwa hadi disiki yozungulira. Kwa munthu wolipira pa ola zimenezo ndi ndalama, poti pa PS3 mphindi zambiri zimathera kuyang'ana sikirini yodikirira. Ndinabwera kunyumba mtima uli dyokodyoko. Koma kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake unathawira kutali, ndipo mayi anandikhazika pansi ndi kope lawo. "Bambo, tiyambe tagula mabatire awiri ndi inveta yaikulu. Makina atsopano opanda magetsi ndi chokongoletsera." Tinagula mabatire. Tsopano PS4 ndi TV yake zimapirira maola awiri magetsi atazima, nthawi yokwanira kuti munthu aseve modekha n'kumaliza zomwe analipira.

Msodzi uja anakwatira, ali ndi ana awiri ndi bwato lakelake la injini. Amabwera mwa apo ndi apo, makamaka mwera ukauka kapena mwezi ukawala kwambiri moti usipa sukubwera ku nyali. PS3 ija inatha mphamvu pa mpira, anyamata saifunanso, koma sitinaichotse pakona pake. Akafika amapereka moni kwa mayi, "Alamu, mwaswera bwanji," n'kusiya kathumba ka usipa pakauntala. Ine ndimayatsa fani, iye n'kutsegula chitseko cha nyumba yake ya ku Whiterun n'kudikira mosadandaula kuti itseguke. Seva yake ndinaikopera m'ma flash awiri. Imodzi ili m'kabati ya kushopu, inayo ili kunyumba m'chitini momwe timasungamo makhadi a kusikelo a ana athu.