Kodi chipset ikufunikadi block ya madzi?

Kwa inu amene mukuganiza zoika block ya madzi (chitsulo chimene mumadutsa madzi oziziritsa) pa chipset (chip yolumikiza zigawo za kompyuta) ya motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta), maganizo anga ndi akuti muyambe mwadzifunsa ngati ikufunikadi. Ma chipset ambiri a Intel a gulu la Z amadya mphamvu ya mawati pafupifupi 6 okha, ndipo kachitsulo koziziritsa kamene amabwera nako kamakwanira. Koma chipset ya X570 ya AMD, yomwe inatuluka mu 2019, imatentha kwambiri moti ma motherboard ambiri anaikidwa kafani, ndipo phokoso la kafaniko ndi chifukwa chomveka chosinthira ku madzi.

Mukatsimikiza mtima, yezani mpata wa pakati pa mabowo a zomangira, chifukwa umasiyana malinga ndi motherboard, komanso onani msinkhu wa block, popeza chipset kawirikawiri imakhala pansi pa graphics card (khadi yotulutsa zithunzi pa sikirini). Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zitsulo: musasakanize kopa ndi aluminiyamu m'njira imodzi ya madzi, chifukwa aluminiyamuyo imadyeka pang'onopang'ono mpaka kutseka tinjira ta madzi kapena kuyamba kudontha. Sankhani block ya mabowo a G1/4 (muyezo wa mabowo omangiramo zolumikizira mapaipi) kuti igwirizane ndi zolumikizira zanu, ndipo mumange zomangira mofanana mbali zonse, popeza chip yosaphimbidwa siichedwa kusweka.